Masana Amene Bambo Anayamba Kunena za Sopo

Lachitatu, 9 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Musadabwe kuti ndalemba pamanja ngati munthu wakale chikhalirecho timayankhulana pafoni. Vuto la foni ndi lakuti mukangofunsa kuti kunyumba kuli bwanji, pakamwa panga pamathamangira kunena kuti zonse zili bwino, kenako timayamba za nyengo ndi za sukulu ya ana mpaka mayunitsi kutha. Pepala silidula munthu mawu, ndiye mundilole ndinene zonse, ngakhale ndiyambira kutali.

Denga la kuchipinda kwanga linayamba kudontha. Amisiri anabwera, anasasula siling'i yonse, n'kunena kuti akukatenga misomali. Mpaka lero akutengabe misomaliyo. Ntchito yanga ikadali yomwe ija imene inu mumati si ntchito, yosewera magemu a pa kompyuta n'kulemba ndemanga pa tsamba lathu la pa intaneti kuti anthu adziwe ngati gemuyo ndi yoyenera kugula. Sekani, koma ndi imene ikutisunga ine ndi bambo chimwalirireni amayi.

Mwezi wathawu akonzi a tsamba lathu anandipatsa gemu yatsopano ya nkhondo, ya mtundu uja woti umaona zonse ndi maso a msilikali. Pa sikirini pamangooneka manja ako ndi mfuti, kutsogolo kuli adani. Anati ndiimalize msanga kuti ndemanga ituluke anthu akadali nayo chidwi. Poti kuchipinda kunali fumbi lokhalokha, ndinanyamula kompyuta n'kukailumikiza ku TV ya pabalaza. Ndinkadziwa kuti pabalaza ndi pa bambo. Ndinaganizanso za mwendo wawo umene unavulala ku usilikali uja, ndi mmene tinakulira m'nyumba imene mawu oti nkhondo sankatchulidwa, amayi n'kumathamangira kuzimitsa wailesi nkhani zikafika pa zoomberana. Choncho ndinavala mahedifoni, TV n'kuipotolera kukhoma pang'ono, ndili ndi maganizo oti akangoonetsa nkhope yosakondwa ndizimitsa.

Tsiku loyamba anangokhala pampando wawo ndi kapu ya tiyi, nyuzipepala ili pamiyendo. Patapita nthawi ndinamva ndodo ikundigogoda paphewa.

“Chotsa zam'makutuzo, nanenso ndimve.”

“Bambo, n'zaphokoso. N'zamfuti.”

“Ndaona kuti n'zamfuti. Ukuganiza kuti ndikuziyesa makasu?”

Ndinachotsa. Anakokera mpando pafupi n'kumaonerera. Kenako msilikali wanga anaomberedwa, sikirini yonse inafiira, ine n'kumubisa kuseri kwa khoma monga timachitira. Mu magemu amenewa ukabisala pang'ono, bala limapola lokha. Kufiira kuja kutatha ndinadzuka n'kuyambanso kuthamanga.

“Wachira?” anafunsa bambo.

“Wachira.”

“Basi, chifukwa chonjata kuseri kwa khoma?”

“Eya.”

Achimwene, bambo anaseka mpaka tiyi kutayikira pa nyuzipepala. Anati akanadziwa kuti mankhwala a chipolopolo ndi khoma, sakanataya zaka zonsezi akukoka mwendo kupita kuchipatala. Kuseka kumeneko ine ndinali nditakuiwala. Mukukumbukira mmene ankagwirira m'mimba, mawu osatuluka, misozi yokha ikutsika? Ndi mmene anasekera.

Mawa lake anandidikirira. Ndikutuluka kubafa ndinapeza atakhala kale, makapu awiri ali patebulo. Anati nawonso akufuna ayese. Ndinawapatsa kontirola, kachipangizo kamabatani kamene timaseweretsa kaja, n'kuwaonetsa poyendera ndi poombera. Anayamba ndi kuyang'ana kumwamba, kuzungulirazungulira ngati munthu wofunafuna ndege, kenako analunjika khoma n'kumapondaponda pamalo amodzi. Atalipeza batani loombera, woyamba kumugwetsa anali mkulu wa gulu lathu lomwe.

“Bambo, ameneyo ndi wathu.”

“Ndikudziwa. Amalongolola kwambiri.”

Masiku amenewo anali okoma. Ntchito inkachedwa, chifukwa gawo loti ndekha ndikanalidutsa tiyi asanazizire linkatitengera masana onse, koma sindinkadandaula. Bambo ankakonda kuyendera nyumba zophwasuka za mu gemumo, kuyang'ana makatani, mipando, njinga ya mwana itagwa pakhomo. Ankati amene anajambula zimenezi ali ndi maso. Tsiku lina, tikudikira kuti gawo lotsatira litseguke, anangoti:

“Nkhondo yanuyi ndi yabwino, ilibe kudikira. Ife tinkangodikira. Kudikira chakudya, kudikira lole, kudikira kuti wina adzatiuze chimene tikudikira.”

Ndinaopa kuti ndikatsegula pakamwa azindikira kuti anena mawu oti “ife”, n'kusiya.

Tsopano ndafika pa chimene ndalembera kalatayi. Chakumapeto kwa gemuyi kuli gawo la pamlatho. Gulu lanu limakhala mu lole, bomba n'kuphulika, lole n'kugudubuzika. Mukadzuka, mnzanu mmodzi amakhala atagona potsamira kakhoma ka mlatho, atagwira pamimba, akupempha madzi. Pamwamba pa sikirini pamabwera wotchi yowerenga chobwerera, ndipo mawu a pa wailesi amakulamulani kuti muwoloke nthawi isanathe. Munthu wovulalayo ndi chokongoletsera chabe. Anamuikapo kuti wosewera amve chisoni pang'ono akamadutsa.

Linali Lachinayi masana, kontirola ili m'manja mwanga. Ndinayamba kuthamanga.

“Ima,” anatero bambo.

“Nthawi itithera.”

“Ndati ima. Bwerera.”

Ndinabwerera. Anatambasula dzanja, ine n'kuwapatsa. Anamuyendetsa msilikali uja pang'onopang'ono, mosaphonya ngakhale kamodzi, mpaka kukaima pafupi ndi wovulalayo.

“Batani lomunyamulira ndi liti?”

“Palibe, bambo.”

“Lomupatsira madzi?”

“Palibenso.”

Anadina mabatani onse limodzilimodzi. Msilikali analumpha, anasintha mfuti, anaponya bomba mumtsinje. Atapeza batani lonjatira, ananjata pambali pa munthu uja n'kukhala pomwepo mpaka wotchi inatha, sikirini n'kulemba kuti talephera. Gemu inayambiranso pomwe paja. Lole inagudubuzikanso, munthu uja anagonanso pakakhoma, anapemphanso madzi ndi mawu omwe aja. Bambo anapitanso n'kukanjata. Anachita zimenezi kangapo. Kenako, maso ali pa TV, anayamba kuyankhula ndi mawu otsika, ngati mmene ankayankhulira ndi amayi kukhitchini akamaganiza kuti sitikumva.

Anati pagulu lawo panali mnzawo wina amene ankamutcha Sopo. Dzinalo linabwera chifukwa kulikonse kumene afika, ena akufunafuna pobisala, iye ankafunafuna madzi ochapira. Ankayenda ndi kachidutswa ka sopo m'sokosi. Malaya ankawayala pansi pa chogonera kuti awongoke, ndipo ankati akafa asakapezeke ndi kolala yakuda, apongozi ake angamuseke. Ankaimba moipa koma osatopa, moti anzake ankamupatsa ndudu kuti pakamwa patanganidwe. Bambo anamwetulira pofotokoza zimenezi. Anati Sopo ndi amene anawaphunzitsa kusoka, ndiponso ndi amene anawathandiza kupeka mawu a kalata yoyamba imene analembera amayi. Inu munkadziwa zimenezi? Ine ayi.

“Ndiye m'mawa wa tsikulo,” anapitiriza, “anali atachapa malaya koma sanaume. Anandipempha kuti tisinthane malo mu lole, iye akhale chakumbuyo kumene kumapita mphepo. Ine ndinavomera. Nanga munthu ungakanirenji? Tinayenda bwinobwino mpaka dzuwa kufika apa. Titayandikira—”

Foni yanga inalira pamenepo. Inali patebulo pakati pa makapu aja, ikunjenjemera, dzina la akonzi likuwala. Ndikanatha kuitembenuza. Ndikanatha kuizimitsa n'kudzanama pambuyo pake kuti batire inatha, si kachilendo kwa ine. Koma dzanja linapita lokha. Ndinati, “Bambo, gwirani pompo, ndikubwera,” n'kutulukira pakhonde.

Akonzi anali atapsa mtima. Anati tsamba lina latulutsa kale ndemanga yawo, ndipo yathu ikapanda kufika asanaweruke, gemu yotsatira aipereka kwa wina. Ndinayesa kufotokoza kuti ndatsala ndi magawo ochepa. Anati ndiye ndikuchedweranji pafoni.

Nditabwerera ndinapeza bambo ali momwe ndinawasiyira, msilikali wawo atanjata pambali pa wovulala uja. Anandiyang'ana, milomo itatseguka pang'ono, ngati munthu amene wasungadi mawu pomwe anauzidwa kuti awasunge. Ndipo ine ndinati:

“Bambo, mundibwereke kaye ndingodutsa pamenepa. Akuntchito akundithamangitsa. Ndikangomaliza tikhala pansi, mundiuze bwinobwino.”

Anandipatsa kontirola ndi manja awiri. Ndinamudzutsa msilikali uja n'kuthamanga. Amene anapanga gemuyi ndi akatswiri pa nkhani ya mawu, moti ukamathamanga, kulira kwa munthu uja kumatsalira m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka kuzimiririka. Nditafika tsidya lina, sikirini inandiyamikira.

“Wathamanga bwino,” anatero bambo.

Anakhalabe pang'ono, kenako anatolera makapu n'kupita kukhitchini. Ndinamva madzi akutuluka pampopi kwa nthawi yaitali kuposa imene makapu awiri amafuna. Ine sindinadzuke. Ndinamaliza gemu, ndinalemba, ndinatumiza akonzi asanaweruke.

Pa chakudya chamadzulo ndinaika foni kuchipinda, n'kukhala moyang'anizana nawo.

“Bambo, ndamaliza tsopano. Za Sopo zija?”

“Sopo? Watha? Ndinaona kachidutswa kubafa. Ugule mawa.”

Ndinaseka, kuganiza kuti ndi nthabwala zawo zija. Iwo sanaseke. Anapitiriza kudya, nkhope ili myaa. Mpaka lero sindikudziwa ngati ananditsekera dala chitseko kapena ngati anaiwaladi. Ndipo apa ndiyenera kukuuzani chimene ndakhala ndikuchizemba pafoni.

Bambo ayamba kuiwala. Zinayamba kale, gemuyi isanabwere. Poyamba anali makiyi, kuwapeza mufiriji. Kenako ketulo kupserera pamoto. Tsiku lina anapita kukagula buledi pagolosale ya pakona, ometa tsitsi a m'dera lathu aja n'kubwera nawo kunyumba, atawapeza ataima pamphambano osadziwa kolowera. Nthawi zina amandiitana dzina la amayi, ine n'kungoyankha. Ndinkadziuza kuti ndi ukalamba chabe, komanso kuti inu muli ndi zanu zokuvutani kumeneko. Zitachitika za Sopozi ndinapita nawo kuchipatala. Adokotala, mayi wodekha bwino, anawafunsa mafunso, anawajambula m'mutu, kenako anandiitanira pambali. Anati matendawa sabwerera m'mbuyo. Kuzikhala masiku abwino ndi oipa, koma abwinowo azicheperachepera. Ndinawafunsa ngati gemu ija inawonjezera vuto. Anati ayi. Ndinawafunsanso ngati nkhani imene munthu anaiyamba ikhoza kubweranso. Anati zimatheka, koma palibe amene angaiitanitse.

Ine sindinamvere. Ndinayesa kuiitanitsa. Loweruka lotsatira ndinaphika tiyi, makapu omwe aja, ndinakoka mpando pomwe paja, n'kutsegula gawo la pamlatho. Anaonerera mwaulemu ngati mlendo amene akuonetsedwa zithunzi za ukwati wa anthu osawadziwa. Anati zojambula n'zokongola, kenako anafunsa ngati mpira wayamba. Patapita masiku ndinayesanso, ndipo ulendo umenewo ndi umene sindidzadzikhululukira msanga. Lole itangogudubuzika, bambo anadzuka opanda ndodo, n'kuyamba kufunafuna pansi pa mipando. Ankati nsapato zawo zili kuti, lole ikuwasiya, wina auze dalaivala adikire. Thukuta linali kamukamu. Ndinazimitsa TV, ndinawagwira manja, n'kumawauza kuti ali kunyumba, kuti ndine mwana wawo, mpaka mpweya unabwerera m'malo. Atakhala pansi anandipepesa, iwo kupepesa ine, ati asokoneza ntchito yanga. Tsiku lomwelo ndinaifufuta gemuyo, kompyuta n'kuibwezera kuchipinda, m'fumbi momwemo.

Mwina mukufuna kudziwa kuti ndemangayo ndinalemba zotani. Ndinaipatsa malikisi asanu ndi atatu pa khumi, ndipo sindinaname. Gemuyo ndi yabwino. Ndinayamikira zojambula, utsi, matope omatirira pamfuti, ndi mmene mawu amakuzungulirira moti umatembenuka pampando kuyesa kuti wina ali kumbuyo kwako. Ndinadandaula kuti adani ena ndi opusa, amangoima poyera kudikira chipolopolo, komanso kuti nkhani yake ndi yodziwikiratu kumene ikupita. Kumapeto ndinawonjezera chiganizo chimodzi, choti pa mabatani onse amene anatipatsa, palibe lomwetsera madzi mnzako wovulala. Akonzi anachikonda chiganizocho, anachikweza pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu. Owerenga ambiri anaseka. Wina analemba kuti ngati ndikufuna gemu ya unamwino ndikapemphe ntchito kuchipatala. Wina anati ndi chifukwa chake magemu a nkhondo sayenera kupatsidwa kwa akazi. Sizinandipweteke kwenikweni. Chimene chimandipweteka n'chakuti ndemanga imene ndinathamangira ija anthu anaiwerenga masiku awiri, basi, n'kupita ku zina. Akonzi anandipatsadi gemu yotsatira. Ndi ya mpikisano wa magalimoto.

Ndimaganiza zambiri ndikamatsuka mbale. Sopo anafera pamalo amene bambo anayenera kukhala, chimenecho ndikuchiona ndekha. Koma kodi anafa pomwepo? Kodi anapempha madzi? Bambo anakhala naye, kapena anauzidwa kuti athamange ndipo anathamanga? Mwendo uja unavulala tsiku lomwelo? Mawu aja oti “wathamanga bwino” ankanena ine, kapena ankanena munthu wina? Zonsezi zinali pakamwa pawo, Achimwene, zitatsala pang'ono kutuluka, pambuyo pa zaka zonse zimene amayi anadikira osazimva. Ndinayesa kufunsa azakhali athu, mlongo wa bambo, pafoni. Anati dzinalo sanalimvepo, ndipo anzawo a bambo a nthawi imeneyo amene iwo ankawadziwa anatha onse.

Ndikudziwa kuti inu ndi bambo simunamvanenso bwino kuyambira muja anakukanizani kulowa usilikali popanda kupereka chifukwa. Ndinali wamng'ono, koma ndikukumbukira mutaima pakhomo mukuti, “Ingondiuzani chifukwa chake, ndimva,” iwo n'kumangopukuta nsapato. Ndikuganiza kuti chifukwa chija ndi chimene chinayamba kutuluka masana aja. Chinali chanu kuposa changa, ndipo ine ndi amene ndinachitaya. Mundikhululukire.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani. Musadikire tchuthi cha ana, ndiponso musadikire kuti zinthu zikhale bwino kuntchito. Sindikukulonjezani kuti adzakuuzani za Sopo, ndipo ndikupemphani kuti musadzawafunse. Ndikungofuna mudzakhale nawo pabalaza akadali okuzindikirani. M'mawa ndi pamene amakhala bwino. Amameta okha ndevu, amathirira maluwa a amayi, amanyoza owerenga nkhani pa TV chifukwa cha mataye awo. Mukabwera msanga mudzawapeza bambo omwe mumawadziwa, ndi nthabwala zawo zonse. Chipinda chanu chilipo, ndingochotsamo makatoni. Ngati mungapeze masilipasi ofewa otseka kuchidendene, muwatengere, chifukwa amene ali nawo akumawapunthwitsa.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti juzi imene anatumiza ija bambo saivula, timachita kukangana kuti ichapidwe. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. Wamkuluyo mumuuze kuti azakhali ake amva zoti akufuna gemu ya nkhondo pa tsiku lake lobadwa, ndipo ayankha akadzaonana maso ndi maso. Azakhali athu akupereka moni, ometa tsitsi nawonso amakufunsani nthawi zonse.

Ndisanatseke envulopu ndapita pabalaza kukawauza bambo kuti ndikulembera inu, n'kuwafunsa ngati ali ndi mawu. Anakutchulani dzina bwinobwino, nkhope n'kuwala. Aganiza kwa nthawi ndithu, akuyang'ana pawindo, kenako ati ndikuuzeni kuti mukaweruka kusukulu musachedwe m'njira, kunja kukuda msanga masiku ano.

Ndalemba monga anenera.

Ine mlongo wanu wokukondani,
Mzime wa m'nyumba mwathu